Mchira wa Ottesen

Aalborg, 3 Seputembala 1997

Troels mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana wanga Alberte. Ine kuno kuchipatala ndili apo ndi apo. Andiika kapaipi kopumira pakhosi, ndipo adokotala andiletsa kulankhula mpaka aone mmene chotupachi chikumverera mankhwala. Choncho usavutike n'kuimba foni, ungataye ndalama pomvera mpweya wanga. Tizilemberana ngati agogo athu.

Alberte usabwere naye kuno. Ndinanena tsiku lonyamuka, ndipo ndikubwereza chifukwa ndimakudziwa: mwana akangogwetsa msozi umodzi iwe umasungunuka. Khosi langa lapsa ndi makina awo owotchera chotupa, ndaonda, ndipo sindifuna andione chonchi. Bambo ake anamuthawa ali wakhanda, zokwanira zimenezo. Uzingomuuza kuti amayi ake akupeza bwino, abwera Khirisimasi isanafike.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Pa 13 akwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamulonjeza nalimata. Usaseke. Si wa pakhoma ayi, ndi uja wa mawanga ngati a kambuku, woweta m'bokosi lagalasi. Takhala tikuwerenga buku lake chaka chonse mpaka a kulaibulale anatopa nafe. Amagulitsa ku Frederikshavn, sitolo ya ziweto ija ili kuseri kwa doko. Ndalama zili m'chitini cha khofi pamwamba pa filiji yanga. Zikachepa uwonjezere, tidzaonana.

Usakangoloza woyamba amene wamuona ngati ukugula nsomba. Uyang'ane mchira: ukhale wonenepa ngati chala chako chachikulu, poti ndi mmene amasungira mafuta. Wa mchira wowonda ngati chingwe ndi wodwala, usamumvere chisoni. Maso akhale owala, ndipo zala muwerenge zonse. Asakhale kakhanda. Timakanda timalumpha, ndipo m'manja mwa anthu osadziwa ngati inu sitichedwa kufa. Mutenge mmodzi yekha. Wogulitsa akakunyengerera kuti mmodzi asungulumwa, ukane. Amuna awiri amalumana mpaka wina kufa.

Pansi pa bokosi pamafunika kamphasa kotenthetsa ka magetsi, koma mbali imodzi yokha, kuti akamva kutentha azithawira mbali inayo. Muike tobisalamo tiwiri, kena muikemo ndere yonyowa. Pansi muyale mapepala. Usakatape mchenga kugombe poganiza kuti wamuchitira chifundo, amaumeza n'kutseka m'mimba. Zotsalazo Berte akuphunzitsa, amadziwa kuposa ine.

Ndipo chonde, Troels, osamugwira mchira.

Undilembere za pachilumba. Kodi nkhanu zikugwidwa chaka chino? Denga la shedi yanga linapirira mphepo ija?

Ndine mlongo wako,
Vibeke

Østerby, Læsø, 14 Seputembala 1997

Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira. Ife kuno tili bwino, nkhanu zikugwidwa pang'ono, denga lilipo. Inu mukhale olimba.

Koma achemwali, mwandiika m'zotani? Dzulo tinakwera sitima yapamadzi ya m'mawa kupita ku Frederikshavn. Ine ndinkaganiza tikukagula kabuluzi ka chaka chimodzi, kakafa tilire n'kuiwala. Wogulitsa, mnyamata wa ndolo pamphuno, wandiuza kuti akasamalidwa bwino amakhala zaka makumi awiri. Ndinamufunsa kawiri. Zaka makumi awiri. Alberte adzakhala atakwatiwa, ine nditachita dazi, chinthuchi chikadali phee kundiyang'ana.

Zosankha ine sindinalowererepo. Mwana wanu anafika n'kuika manja kumbuyo ngati woyeza nsomba padoko. "Uyu ayi, mchira wake ndi wowonda. Uyu diso lina ndi lotseka. Mungamutembenuze uyo ndione zala?" Mnyamata uja anandiyang'ana n'kufunsa ngati mwanayu ndi wa boma. Pomaliza anasankha wamwamuna, wachikasu, wa banga longa mbedza pamutu. Wamutcha Ottesen, akuti chifukwa amangomwetulira osanena kanthu ngati a Ottesen oimba limba kutchalitchi. Ndamuchonderera kuti asakanene zimenezi ku Sande sukulu.

Chimene munandibisira ndi chakudya. Sadya masamba, sadya nyama ya m'chitini, sadya chakufa. Amadya nkhululu zamoyo. Ndagula chibokosi chonse cha nkhululu, ndipo nazonso akuti ndizizidyetsa karoti kuti zinenepe. Musanam'patse mumaziika m'kathumba muli ufa wolimbitsa mafupa n'kukhutchumula ngati mukufuna kuzikazinga. Titangofika kunyumba ndinapunthwa pa nsapato zanga zam'madzi, chibokosi chija n'kugwa, theka la nkhululu n'kulowa pansi pa makabati. Panopa nyumba yonse ikuimba. A Holger oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati filiji yanga yafa.

Lero m'mawa ndinamupeza atatuwa mbuu, maso ngati akufa. Ndinathamanga kukadzutsa mwana. Iye anangoti, "Akufundula, amalume, musasokose." Ndiye ndinaimirira pomwepo n'kuona ndi maso angawa akuvula khungu lake ngati sokosi n'kulidya lonse. Atamaliza ananyambita diso lake ndi lilime. Khofi wanga sindinamumalize.

Ndalama za m'chitini zinathera pa bokosi lagalasi lokha. Zinazo ndalipira, musaziganizire.

Chinthu chimodzi chinandivuta. Pobwerera kudoko tinadutsa pa siteshoni, Alberte n'kuwerenga chikwangwani cha sitima yapamtunda ya ku Aalborg. "Amalume, si pafupi kodi? Tingopita tikawaonetse Ottesen, tibwerera madzulo." Ndinamuuza kuti Loweruka sitimayo siyenda. Anandiyang'ana n'kukumbatira kabokosi kake m'jekete. Kodi simungalole ngakhale kanthawi kochepa?

Naye walemba yake, ili m'envelopu momwemu.

Mlongo wanu,
Troels

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Zikomo chifukwa cha Ottesen. Zala zake ndi zokwanira, ndinawerenga kawiri. Amadya nkhululu zisanu koma akamazisaka amagwedeza nsonga ya mchira kaye. Masiku oyamba sindimugwira kuti azolowere, ndimangoika dzanja m'bokosi. Dzulo analinyambita.

Amalume amamuopa. Amati sakumuopa koma akamadutsa pabokosi amayenda cham'mbali. Amaphika mbatata tsiku lililonse. Tsitsi langa sadziwa kuluka, ndiye ndikumangolimanga.

Amayi, ndikudziwa kuti simungalankhule, koma mukhoza kuimba foni n'kumangogogoda. Kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. Ine ndizilankhula ndekha. Mukuona bwanji?

Ndine Berte wanu

Østerby, 2 Okutobala 1997

Achemwali,

Moni. Kodi muli bwanji? Chiyankhireni kalata yathu ija ndi kakhadi ka mizere iwiri, kwangoti zii. Za kugogoda pafoni zija simunayankhe, ndipo mwana amafunsa tsiku lililonse akachoka kusukulu. Ndinaimba kuchipatala, anamwino anati mukupuma. Mundiuze zoona.

Ine ndalakwa, ndipo sindikudziwa poyambira.

Lolemba kalasi ya Alberte inapita ulendo wa sukulu wogona konko. Anandisiyira Ottesen ndi malangizo ambirimbiri. Lachiwiri ndinati ndisinthe mapepala a m'bokosi kuti akabwera apeze mwaukhondo. Ndinamutulutsa bwinobwino n'kumuika patebulo. Ndikutembenuka kuti nditenge mapepala, ndinangoona akuthamangira m'mphepete mwa tebulo. Dzanja linapita lokha, achemwali. Mukudziwa mmene timagwirira nsomba ikafuna kulumpha m'boti.

Mchira unatsala m'manja mwanga.

Sindinakoke. Ndikulumbira pa manda a amayi kuti sindinakoke. Unangothothoka wokha ngati unali wongomata, magazi ake kadontho chabe. Ndipo unkayenda. Unkadzipinda, kugwedezeka pachikhatho panga ngati uli ndi moyo wakewake. Ine ndatumbula nsomba kuyambira ndili mwana, ndinaonapo munthu chala chitadulidwa ndi chingwe cha ukonde, koma apa ndinangokhala pansi. Munangolemba kuti osamugwira mchira. Simunanene chifukwa chake. Ine ndinkayesa ndi nkhani ya ulemu.

Pamene nzeru zinkabwerera, mwini mchira anali atagwa patebulo n'kulowa pansi pa kabati. Ndinasuntha kabati, filiji, chitofu. Ndinazula matabwa a m'munsi mwa khoma. A Holger anabwera ndi tochi, tinakwawa tonse awiri mpaka mawondo kutupa. Palibe.

Dzulo ndinasiya boti n'kukwera sitima kupita kwa mnyamata wa ndolo uja. Anandiseka kaye. Akuti amadula okha mchira akaona ngati agwidwa ndi mdani, ndipo umaphukanso ngakhale sukhala wokongola. Koma nditamuuza kuti wasowa m'nyumba, ndipo pansi m'nyumba mwanga ndi pa simenti pozizira, anasiya kuseka. Akuti wopanda mchira alibe mafuta osungira, ndipo kukazizira sagaya chakudya. Anati ndisayembekezere.

Ndiye ndagula wina. Ndinasankha monga munanenera, mchira wonenepa, maso owala, zala zonse. Wachikasu yemweyo, msinkhu womwewo. Ine sindikuona kusiyana kulikonse. Mchira uja ndinaukwirira kuseri kwa shedi.

Alberte wafika masana ano. Sanavule n'komwe jekete, anathamangira kubokosi. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu, mphuno itagunda galasi. Kenako anati, "Zikomo pomusamala, amalume." Chakudya chamadzulo sanadye, akuti watopa ndi ulendo. Ndikuona ngati sanazindikire.

Koma mtima wanga suli m'malo. Ndimuuze kodi? Ndinu mayi wake, mundilamule.

Troels

Aalborg, 8 Okutobala 1997

Bambo Troels,

Musadabwe ndi kalembedweka. Ine ndine Oda Brøgger, bedi langa layandikana ndi la achemwali anu. Anawachita opareshoni sabata yatha, ndipo manja awo akunjenjemera moti sangagwire cholembera nthawi yaitali. Amalemba mawu awiri atatu pa kabolodi, ine n'kumalumikiza. Ndinagwira ntchito ku positi ofesi zaka zambiri, kulemba sikundivuta.

Akupereka moni. Akuti opareshoni inayenda bwino, musade nkhawa, ndipo musabwere.

Kalata yanu ndinawawerengera. Pa nkhani ya mchira anatseka maso n'kugwira pachifuwa, ine ndinaitana anamwino poganiza kuti akomoka, koma kunali kuseka kosatuluka mawu. Kenako analira. Akuti mwanayo musamuuze. Alemba kuti, "Zamukwanira kale." Mawu amenewa awadula mzere kunsi kawiri.

Kapepala kali m'munsika mudule mum'patse mwana. Iwo anangolemba kuti "muuzeni ndili bwino," ndiye ndakometserako pang'ono kuti kasaoneke kouma.

Wanu,
Oda Brøgger

Wokondedwa mwana wanga Alberte, amayi ako ali bwino kwambiri ndipo akukuganizira usana ndi usiku. Ukhale mtsikana womvera, uzilimbikira sukulu, uziwathandiza amalume ako. Um'patse moni Olesen, kabuluzi kako kokongola. Ndine amayi ako okukonda.

Østerby, 12 Okutobala 1997

Kwa amene akulemba makalata a amayi anga,

Dzina langa ndine Alberte. Adilesi ndaikopera pa envelopu ya amalume, ndipo sitampa ndagula ndi ndalama zanga. Amalume sakudziwa.

Inu si amayi anga. Amayi anga salemba zopendekera chonchi, ndipo sanena kuti mtsikana womvera. Dzina lake ndi Ottesen, osati Olesen, ndipo amayi anga sangamutche buluzi.

Ngati amayi anga alipo, muwafunse kumene tinaika dzino langa loyamba litaguluka. Akudziwa ndi iwo okha. Ngati mukudziwa yankho mulembe msanga. Ngati simukudziwa musalembenso.

Alberte

Østerby, 21 Okutobala 1997

Achemwali,

Sindikudziwa ngati muwerenga nokha kapena akuwerengerani, koma amene akuwerengayo awerenge zonse, asadumphe kanthu.

Lero ndinali panyanja kuyambira m'bandakucha. Pobwerera masana, tikulowa padoko, ndinaona mbendera ya pa ofesi ya doko ili pakatikati pa mtengo. Ya pa sitolo chimodzimodzi. Ya kwa a Holger chimodzimodzi. Ndinauza mnzanga wa m'boti kuti kaya ndi nkhalamba iti yatisiya. Tikumangirira chingwe, anthu amene anali pamenepo anayang'ana pansi. A Holger anabwera n'kuvula chipewa.

"Wamwalira ndani, a Holger?"

"Mwana wanga, kwa ine sukanabisa. Vibeke ndinamunyamulapo ali khanda."

Achemwali, sindikukumbuka mmene ndinatsikira m'boti. Ndimangokumbuka ndili mu ofesi ya doko, nsapato zam'madzi zili kumapazi, ndikulephera kuzungulitsa nambala ya chipatala mpaka mayi wa mu ofesi anandiimbira. Foni inalira, inalira. Ndinali nditayamba kale kuganiza za bokosi, za nyimbo, za mmene ndikamuuzire mwana. Atayankha anamwino ndinangoti, "Bwanji simunandiuze?" Iwo anadabwa. Anati munadwala malungo a bala la opareshoni masiku apitawa, koma panopa mwakhala pampando pafupi ndi zenera, mukuyang'ana magalimoto. Ndinawauza kuti apite akakuoneninso. Anapita, anabwera, anati mwawatulutsira lilime.

Ndinatuluka n'kukatsitsa ndekha mbendera ya padoko. Zinazo ndinatuma a Holger. Pakhomo panga ndinapeza makeke atatu ndi mphika wa supu.

Nkhani inayambira kusukulu. M'mawa aphunzitsi anafunsa Alberte kuti amayi ake akupeza bwanji. Iye anayankha pamaso pa kalasi yonse, osalira n'komwe, kuti, "Anamwalira. Koma amalume sakufuna kuti anthu adziwe." Aphunzitsi anaimba kunyumba, ine ndili panyanja. Anaimbira akazi a abusa kuti afunse nzeru. Zotsalazo mukuchidziwa chilumba chathu.

Ndinamufuna m'nyumba monse. Ndinakamupeza m'kachipinda kochapira, atakhala pansi kuseri kwa thanki ya madzi otentha, pamiyendo pali katoni ya nsapato. Ndinali ndi ukali woti ndikanatha kugwetsa khoma, koma nditangoti nditsegule pakamwa iye anatsegula katoni ija.

Ottesen, achemwali. Wamoyo. Wowonda, wopanda mchira, pamalo pake patatuluka kanthu kofiirira ngati mphukira ya mbatata. Akuti anamupeza kuseri kwa thankiyo patangopita masiku ochepa chibwerereni ku ulendo uja. Ndi pofunda, ndipo nkhululu zanga zothawa zija zinasamukira komweko. Wakhala akumusunga m'katoni pafupi ndi thanki, kumudyetsa mobisa, kumuikira ndere yonyowa, ine osadziwa kanthu.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Ottesen ali ndi mbedza pamutu. Wa m'bokosiyo alibe. Ndiponso ndi wamkazi, amalume. Simunayang'ane n'komwe."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndimafuna ndione ngati munena inuyo."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti. Ndinamuuza zonse za mchira, ndinapepesa. Ndinati koma za amayi ako ndi nkhani ina, ali moyo, ndalankhula ndi anamwino posachedwapa. Anandiyang'ana mmene anayang'anira analimata odwala aja m'sitolo.

"Sitima ya ku Aalborg imayenda Loweruka. Ndinafunsa aphunzitsi. Foni saimba, ngakhale yongogogoda. Kalata ija sanalembe ndi iwo. Ine ndinawalembera funso, sanayankhe. Ottesen atasowa munagula wina n'kumuika m'bokosi kuti ndisalire. Ndiye amayinso mwapeza munthu wina woti azilemba."

Chilichonse chimene ananena chinali choona kupatula chimodzi. Ndinamunyamula kupita naye pafoni, ndinaimbanso kuchipatala kuti anamwino amuuze okha. Anamvetsera mwaulemu, anathokoza, anaika foni pansi. "Nawonso mwawauza zonena."

Wakhala akuyenda ndi maliro a mayi ake mumtima yekhayekha, akudya mbatata zanga, akunena zikomo, akupita kusukulu. Ine ndili pomwepo, ndikumayesa kuti ndamupulumutsa ku chisoni cha buluzi.

Za funso limene akuti anakulemberani sindikudziwa kanthu. Mufufuze m'madirowa.

Loweruka tikubwera ndi sitima ya m'mawa. Sindikupempha. Moyo wanga wonse ndakumverani, ngakhale pamene munali olakwa, koma apa mundikhululukire. Mukafuna mudzifunde bulangete mpaka m'maso, koma mwanayu akuonani.

Troels

Aalborg, 26 Okutobala 1997

Troels mlongo wanga,

Ndikulemba ndekha, uona ndi mmene zilembo zikuvinira. Ndikhulupirira munafika bwino ndipo nyanja sinakuvuteni. Undiuze ngati Alberte anadya pobwerera.

Dzulo unakana kulowa. Unangomukankhira pakhomo n'kukakhala pabenchi ya m'khonde, chipewa chili m'manja, ngati wabwera kudzayankha mlandu. Potuluka ndinakuona ukusuzumira, koma ndinalibe mphamvu yolemba zonse pa kabolodi. Ndiye ndikuuze zimene zinachitika m'chipindamo.

Kalata yake ndinaipeza yako itafika. Inabwera masiku amene malungo anandigwira, a Oda atatulutsidwa kale, ndipo wina anaiika m'dirowa pansi pa mathaulo. Nditaiwerenga ndinafuna kukuwa, ndipo ndi pamene ndinamva bwinobwino kuti ndilibe chokuwira. Ngakhale zinali choncho, Troels, ndinatenga pepala kuti ndikulembere kuti musabwere. Ndinafika pakati n'kuling'amba. Mnyamata wokolopa ndi amene anakataya zidutswa zake.

Dzulo m'mawa ndinapempha anamwino andipese tsitsi, andimange kansalu pakhosi. Pa kabolodi ndinalembapo yankho la funso lake lija, kuti dzino tinaliponya m'chitsime cha agogo ake, n'kukagwira pachifuwa kuti akangolowa awerenge.

Sanawerenge. Anaima pakhomo, dzanja lili pa chogwirira, n'kumandiyang'ana kumaso. Ndinaona mantha akumugwira, anabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndikudziwa chimene anaona. Inenso pagalasi ndimadziona. Kenako anasendera, anafika pafupi, ananunkhiza tsitsi langa. Sanandikumbatire.

"Mwaonda," anatero. "Chotsani kansaluko."

Ndinapukusa mutu. Anangoima. Ndinachotsa.

Anayang'ana chibowo cha pakhosi nthawi yaitali, chikutseguka ndi kutsekeka ndi mpweya. Nkhope yake inayera. Ndinkaganiza athawa. Anafunsa ngati chimapweteka, ndinagwedeza dzanja kuti pang'ono. Anafunsa ngati anali amalume amene analetsa kuti abwere. Ndinafufuta za dzino zija n'kulemba kuti, "Ndine. Za Ottesen ndinenso ndinati asakuuze." Anawerenga, milomo ikuyenda. Anandiyang'ana ndi ukali umene sindinauonepo pa mwana wanga, ndipo misozi inayamba kutsika iye osaipukuta.

"Mudzalankhulanso?"

Apa ndiyenera kukuuza chimene nawenso ndinakubisira. Opareshoni ija sanangochotsa chotupa. Anachotsa kholingo lonse. Mawu anga anapita, Troels, sadzabweranso. Akuti adzandiphunzitsa kutulutsa ena kuchokera kum'mero, koma ndawamva kwa bambo wina kuno, amamveka ngati chule ali m'chidebe.

Choko chinali m'manja. Kulemba kuti "inde, posachedwa" kunali kosavuta, ndipo dzanja linali litayamba kale. Iye sankayang'ana bolodi, ankayang'ana dzanjalo. Ndinalemba kuti, "Ayi. Osati ngati kale."

Anafunsanso kuti, "Nanga mufa?"

Ndinalemba kuti, "Adokotala akuti mwina ayi. Ine sindikudziwa. Ndikadziwa ndidzakuuza."

Anatenga kabolodi m'manja mwanga n'kuwerenganso payekha. Kenako anakapukuta ndi mkono wa juzi yake, anakaika patebulo, anavula nsapato.

"Sunthani," anatero.

Anakwera pabedi, anagona cham'mbali kuti asakhudze khosi, mapazi ake ozizira ali pamiyendo panga. Analankhula mpaka nthawi inatha. Za aphunzitsi, za makeke atatu amene akuti wadya wekha awiri, za nalimata wamkazi uja amene akuti alibe mlandu ndipo sabwezedwa kusitolo, koma akufunika bokosi lakelake chifukwa akakhala pamodzi adzaikira mazira. Akuti mchira watsopano wa Ottesen ukhala wonenepa komanso wosalala, wopanda mizere, ndipo aliyense azidzadziwa kuti unadukapo. Sanandikhululukire, usaganize choncho. Potsanzika anandiuza kuti akadali wokwiya, ndipo adzandiuza akasiya.

Bokosi lachiwirilo ugule, ndi kamphasa kake. A Holger uwathokoze chifukwa cha mbendera, uwauze kuti ndaona mmene adzandilirire ndipo ndakhutira.

Loweruka mubwerenso. Undibweretsere juzi yanga yobiriwira ndi choko china, chino chatsala kachidutswa. Ndipo iwe usadzakhalenso pabenchi. Ulowe, udzaone wekha.

Ndine mlongo wako,
Vibeke